Funsani Azaumoyo: Munthu wagwa mwadzidzidzi, mtima waima. Tichite chiyani?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi: munthu amene amayenda bwinobwino wangogwa, sakuyankha, sakupuma. Mawu akuti cardiac arrest, kutanthauza kuima kwa mtima, ambirife tinayamba kuwamva mu Epulo 2012 pa imfa ya pulezidenti Bingu wa Mutharika, koma vutoli limagwira aliyense, kumsika, padoko, m'tchalitchi, mumzikiti ngakhale pabwalo la mpira. Mayankho awa akonzedwa ndi anamwino ndi madokotala a matenda adzidzidzi.

Pa mpira wa m'mudzi kwathu, mnyamata wa zaka za m'ma 20 anagwa yekha popanda womugunda. Anaphiriphitha pang'ono, kenako ankakoka mpweya mwa apo ndi apo ngati akuliza mkonono. Tinati ndi khunyu. Tinamuthira madzi, kumukupiza ndi malaya, kenako kumukweza kabaza. Pofika kuchipatala anatiuza kuti watisiya kale. Tinalakwitsa pati?
*Mphunzitsi wa masewero, Khombedza*

Pepani kwambiri aphunzitsi. Munachita zimene anthu ambiri amadziwa, ndipo sitinganene ndi mtima wonse chimene chinapha mnyamatayo popeza sitinamuyeze. Komabe zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kuima kwa mtima.

Mtima ndi pampu yoyendera magetsi akeake. Magetsiwo akasokonekera, zipinda ziwiri zam'munsi zimasiya kupopa magazi, zimangonjenjemera. Kunjenjemera kumeneku madokotala amakutcha ventricular fibrillation, mwachidule VF. Ubongo ukangosowa magazi kwa masekondi 10 kapena 15 munthu amagwa, ndipo ambiri amaphiriphitha kwa kanthawi. Kenako pamabwera kupuma kwa befu, kokoka patalipatali, kwa phokoso. Kumeneko si kupuma kwenikweni, ndi chizindikiro chakuti ubongo ukusowa mpweya, ndipo kumasocheretsa anthu ambiri chifukwa amati "akupumatu, tiyeni timudikire atsitsimuke". Wa khunyu amagwedezeka nthawi yotalikirapo, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo akasiya amapuma motsatizana, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Wa mtima amagwedezeka masekondi ochepa, kenako thupi lonse lefu.

Lamulo lake ndi ili: munthu akapanda kuyankha mukamugwedeza mapewa ndi kumuitana, ndipo sakupuma monga tipumira masiku onse, yambani kudinikiza pachifuwa pompo. Kuona ngati akupuma kusapitirire masekondi 10. Musataye nthawi kufunafuna kugunda kwa mtsempha pamkono, poti ngakhale azachipatala amaphonya akakhala pa phuma.

Mugonekeni chagada pamalo olimba. Ngati ali pa matiresi, mutsitsireni pansi, chifukwa matiresi amameza mphamvu yanu yonse. Gwadani pambali pake. Ikani tsinde la chikhatho chimodzi pakati pa chifuwa, pa theka lam'munsi la fupa lapakati, dzanja lina pamwamba pake, zala zolukana. Zigongono ziwongoke, mapewa anu akhale pamwamba penipeni pa manja, ndipo mudinikize ndi kulemera kwa thupi lanu, osati ndi mphamvu ya mikono yokha. Chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6, pafupifupi kutalika kwa bokosi la machesi, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, kutanthauza kawiri pa sekondi. Mukadinikiza, lolani chifuwa chibwerere chonse musanadinikizenso, chifukwa pobwererapo ndi pamene mtima umadzaza magazi. Amene anaphunzira amadinikiza ka 30, n'kupumira m'kamwa kawiri, n'kubwerezanso. Amene sanaphunzire kapena akuopa pakamwa pa munthu wosamudziwa angodinikiza osaleka. Kwa munthu wamkulu amene wagwa mukuona, zimenezo zokha zimathandiza kwambiri. Iyi ndiyo CPR.

Ntchitoyi imatopetsa msanga, ndipo munthu akatopa amayamba kungosisita chifuwa iye akuganiza kuti akudinikiza. Muzisinthana mphindi ziwiri zilizonse. Pa nthawi yomweyo tumani anthu powatchula mayina, wina aimbire ambulansi kapena apeze galimoto, wina akatenge makina a AED, opatsa mtima shoko ya magetsi, ngati alipo. Mukangokuwa kuti "wina aimbe foni", gulu lonse limangoyang'anana.

Pamene pamatayika miyoyo yambiri kwathu kuno ndi pa kabaza. Munthu woima mtima akakhazikidwa pa njinga pakati pa anthu awiri, magazi sakupita ku ubongo ulendo wonsewo, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6. Madzi, kukupiza, anyezi pamphuno, zonsezi zimangodya mphindi zomwezo.

Ndinaonera pa TV wosewera mpira wa ku Denmark atagwa, anamuika makina pachifuwa ndipo anadzuka. Makina amenewa amagwira ntchito bwanji? Munthu wamba ngati ine, wa Sitandade 8, angawagwire?
*Wogulitsa mpunga, Nkhotakota boma*

Ameneyo ndi Christian Eriksen, mayi. Anagwa pa 12 Juni 2021 ku Copenhagen pamene Denmark imasewera ndi Finland. Anamuyamba CPR pabwalo pomwepo, anamupatsa shoko imodzi, mtima unabwerera, ndipo patapita miyezi anayambanso kusewera mpira.

Makinawo amatchedwa AED. Kukula kwake ndi ngati kachikwama kam'manja, kulemera makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo amayendera batire. Ali ndi zigamba ziwiri zomata pachifuwa zolumikizidwa ndi waya. Zigambazo zimamvetsera magetsi a mtima, kompyuta ya m'katimo n'kugamula yokha ngati shoko ikufunika. Anthu ambiri amaganiza kuti shoko imalizitsa mtima ngati injini yozima. Chimene imachita ndi kuzimitsa kunjenjemera kuja kamodzi n'kamodzi, kuti kachigawo ka mtima kamene kamatsogolera kugunda kayambirenso mwadongosolo. N'chifukwa chake mtima umene wazimiratu, wopanda magetsi alionse, shoko siuthandiza, ndipo makinawo amakana kuupatsa. Kunjenjemera kuja kumatha pang'onopang'ono n'kusanduka kuzimiratu. Mphindi iliyonse imene yadutsa popanda CPR ndi shoko, mwayi wopulumuka umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100 aliwonse. CPR imachepetsa kutsikako, imagula nthawi, koma payokha siithetsa VF.

Kale makina otere anali a m'chipatala mokha. Dokotala Frank Pantridge wa ku Belfast ndiye anapanga onyamulika oyamba mu 1965. Ankalemera makilogalamu 70 ndipo ankayendera mabatire a galimoto. Maganizo ake anali akuti makina apite kwa wodwala m'malo modikira kuti wodwala afike kwa makina. Pambuyo pake zinaoneka kuti safunanso dokotala. Ku America anaphunzitsa alonda a m'nyumba za juga kugwiritsa ntchito AED, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2000: mwa anthu 105 amene anapezeka ndi VF, 56 anatuluka m'chipatala ali moyo. Mwa amene anagwa anthu akuona n'kulandira shoko mphindi 3 zisanathe, 74 pa 100 anapulumuka, pamene mwa olandira mochedwerapo anapulumuka 49 pa 100. Amenewo anali alonda, osati anamwino. Choncho inunso mungathe.

Makina akafika, wodinikiza asaleke. Inu tsegulani chivundikiro kapena dinani batani loyatsira, makinawo ayamba kulankhula. Vulani kapena dulani malaya kuti chifuwa chikhale poyera, chipukuteni ngati pali thukuta. Matulani pepala lakumbuyo kwa zigamba. Chimodzi chimatidwe kumanja kwa wodwala, pansi pa fupa lopingasa lam'munsi mwa khosi. China kumanzere, m'nthiti, chikhatho chimodzi kutsika kuchokera m'khwapa. Pa zigambapo pali zithunzi zosonyeza malo ake. Cholakwika chofala ndi kumata chakumanzerecho kutsogolo pafupi ndi bere kapena pamimba, ndiye magetsi amalambalala mtima. Zitsindireni bwino kuti pasatsale mpweya pansi pake.

Makina ambiri amalankhula Chingerezi, ndiye gwirani mawu anayi awa. Akati "analysing", aliyense achotse manja, akumvetsera mtima, ndipo kugwedeza wodwala kumawasokoneza. Akati "shock advised", shoko ikufunika. Akati "stand clear", yang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti palibe womukhudza, nenani mokweza kuti "tonse tichoke", kenako dinani batani lothwanima. Makina ena amapereka okha shoko popanda batani. Akati "no shock advised", sizikutanthauza kuti munthu wachira kapena kuti basi wapita. Pitirizani kudinikiza. Shoko ikangodutsanso bwererani pachifuwa nthawi yomweyo osadikira kuona ngati adzuke, chifukwa mtima umene wangobwerera umakhala wofooka. Pakatha mphindi ziwiri makinawo adzamvetseranso okha.

Ngati chifuwa chili ndi cheya chambiri moti zigamba sizikumata, metani msangamsanga malo awiriwo. Ngati pansi pa khungu pali chotupa cholimba cha kachipangizo kothandiza mtima kugunda, matani chigamba pambali pake, osati pamwamba. Mwana wosakwana zaka 8 kapena makilogalamu 25 ali ndi zigamba zakezake zochepetsa mphamvu. Zikasowa, gwiritsani ntchito za akulu, chimodzi pakati pa chifuwa, china kumsana pakati pa mapewa, kuti zisakhudzane.

Ife asodzi timavuula anzathu omira chaka ndi chaka, makamaka nthawi ya mwera. Makina amenewa angatithandize? Nanga munthu ali chinyowere, magetsi sangatigwire tonse?
*Membala wa komiti ya padoko, Senga Bay*

Bambo, pa kumira choyamba ndi mpweya, makina amabwera pambuyo. Womira mtima wake umaima chifukwa mpweya watha m'magazi, ndipo kawirikawiri umazimiratu osadutsa pa kunjenjemera kumene shoko imachiza. Apa ndiye kudinikiza kokha sikukwanira. Mukamufikitsa pamalo olimba, pendeketsani mutu chakumbuyo, kwezani chibwano, tsinani mphuno, mupumireni m'kamwa kasanu. Ulendo uliwonse utenge sekondi imodzi, muone chifuwa chikukwera. Chikapanda kukwera, ndiye kuti mutu sunapendekeke mokwanira. Kenako 30 ndi 2, 30 ndi 2, osaleka.

Chizolowezi chomuzondotsa munthu kapena kumuponda pamimba kuti madzi atuluke chisiyeni. Madzi amene amatulukawo amachokera m'mimba, osati m'mapapo, ndipo masanzi amatha kulowa m'njira ya mpweya. Womira amasanza ndithu pa CPR. Zikatero mutembenuzireni chammbali, chotsani zam'kamwa ndi chala chokulunga nsalu, mubwezeni chagada, pitirizani. M'bwato simungadinikize bwino, choncho palasani msanga kumtunda wina akumupumira ngati n'kotheka. M'boti la pansi pathyathyathya mutha kuyamba momwemo.

AED ikakhalapo imatidwebe, chifukwa ena amamira mtima utayamba kale kuvuta ali m'madzi. Mukokereni pamchenga pomwe mafunde sakufika, pukutani chifuwa chiume, basi. Mchenga wonyowa sungakupheni bola musamukhudze pa nthawi ya shoko. Aliyense amene wavuulidwa n'kutsitsimuka apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, poti mapapo amatha kudzaza madzi patapita maola.

Tiwonjezere za mphenzi, popeza dzinja limapezanso anthu panyanja ndi m'minda ya mpunga. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni osaopa. Akaombedwa angapo, yambani ndi amene ali zii ngati wafa, osati amene akubuula. Mtima wake umatha kuyambanso wokha koma kupuma n'kuchedwa, ndiye mpweya wanu ndi umene ungamuwolotse. Wogwidwa ndi magetsi a m'nyumba, thimitsani kaye pa meni switchi musanamukhudze. Ameneyu mtima wake ukaima, nthawi zambiri amakhala ndi VF, ndipo AED imamuthandiza kwambiri.

Poti makinawa kuno kulibe, batire la galimoto kapena waya wa magetsi sizingagwire ntchito yomweyo?
*Makaniko, Dwangwa*

Ayi, musayese n'komwe achimwene. AED imatulutsa mphamvu yoyezedwa, ma joule 120 mpaka 200 pa shoko yoyamba ya munthu wamkulu, pa ma volt opitirira 1,000, kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Batire la ma volt 12 silingafike ku mtima, lingangowotcha. Magetsi a m'nyumba a ma volt 230 ndiwo amayambitsa VF yomweyo, ndipo angaphe wodwala pamodzi ndi inu. Popanda makina, manja anu ndiwo chida.

Ndimayang'anira malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndipo eni ake akufuna kugula AED imodzi yothandizanso anthu a m'mudzi. Tiyang'ane chiyani, ndipo tiisunge pati?
*Manijala, Senga Bay*

Maganizo abwino kwambiri, bwana. Kuchoka ku Senga Bay kufika ku chipatala cha boma ku Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo ngakhale galimoto itakhala yoliza kale, mphindi zofunika zija zimathera panjira. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno: makina a ku boma si anu, anu ndi amene angafike pa wodwala mphindi 3 mpaka 5 zisanathe.

Werengerani mtunda motere. Munthu woyenda mothamanga pang'ono amatha mamita 100 kapena 150 pa mphindi. Ngati ayenera kupita kukatenga n'kubwerera, makinawo akutumikira anthu a m'kati mwa mamita 200 okha. Koma ngati pali wina pafupi ndi makinawo amene angaimbiridwe foni n'kuthamanga nawo ulendo umodzi, mtundawo umawirikiza. Pa njinga yamoto yoyenda makilomita 30 pa ola, ndi theka la kilomita pa mphindi iliyonse. Apa ndi pamene pali nzeru yonse ya othandiza oyamba a m'dera: anthu amene amapezeka pamalopo tsiku lonse, alonda, a kabaza a pa siteji, a komiti ya padoko, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, apolisi a m'mudzi. Phunzitsani anthu osachepera 8 kapena 10 kuti usiku, Lamlungu kapena Lachisanu pasasowe munthu. Pakhale nambala imodzi ya foni yodziwika mudzi wonse, yolembedwa pakhoma la golosale, padoko ndi kusukulu, ndipo foniyo izikhala ndi mlonda amene ali pa ntchito. Akaimbiridwa, wina athamangire kwa wodwala kukayamba CPR, wina atenge makina. Za maphunziro funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kapena ku Malawi Red Cross Society, ndipo muzibwereza kuyeserera pa chidole miyezi 6 iliyonse, chifukwa manja amaiwala msanga.

Tinene mosabisa: ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha, yambani ndi maphunziro. AED yatsopano kunja imagulidwa madola 1,000 mpaka 2,000, ndipo ikafika pa munthu amene wagona mphindi 10 popanda womudinikiza, kawirikawiri imapeza mtima utazima kale.

Pogula, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti batire ndi zigamba zatsopano mudzazipeza kuti, pa mtengo wanji. Makina ambiri opatsidwa ngati mphatso amafera m'kabati chifukwa cha zimenezi. Batire la AED zambiri silitchajidwa, limakhala zaka 2 mpaka 5 kenako limasinthidwa, ndipo la kampani ina silikwana pa makina a kampani ina. Zigamba zili ndi deti lothera ntchito chifukwa phula lake lomatira limauma, ndipo zikagwira ntchito kamodzi zimatayidwa. Gulani mapeya awiri a akulu ndi imodzi ya ana. M'chikwamamo muikemonso sizasi, lezala, kathaulo, magolovesi ndi chotchinga pakamwa popumira munthu. Pachivundikiro matanipo pepala la Chichewa lomasulira mawu anayi aja.

Kutentha kwa kunyanja ndi mdani wamkulu. Makina ambiri amafuna malo osapitirira madigiri 50, ndipo m'galimoto yotseka kapena m'bokosi lachitsulo la padzuwa mu Okutobala ndi Novembala mumapyola pamenepo. Batire limatha msanga, zigamba zimauma. Ipachikeni pamthunzi, podutsa mphepo, potalikira chinyezi ndi fumbi, pamalo oonekera monga pa resepishoni kapena pa kanyumba ka mlonda. Musaitsekere mu ofesi imene kiyi wake amapita kunyumba ndi munthu mmodzi. Makinawo amadziyeza okha ndipo ali ndi kanyali kapena kachizindikiro kosonyeza kuti ali bwino. Munthu mmodzi apatsidwe udindo woyang'ana kanyaliko sabata iliyonse n'kusaina m'kabuku. Makinawo akayamba kulira pipipi, musangochotsa batire kuti phokoso lithe, ndiye kuti akukuuzani kuti china chavuta.

Ndikuopa kuthyola nthiti za munthu kenako abale ake n'kunena kuti ndamupha ndine. Komanso ngati ndi mayi, ine bambo ndingamuvule bwanji pagulu?
*Mkulu wa mpingo, Benga*

Nthiti zimathyoka ndithu nthawi zina, makamaka kwa okalamba, ndipo mumamva kuti thyo pansi pa manja. Onani ngati manja ali pakati penipeni, kenako pitirizani. Nthiti imapola pa masabata 6. Za abale, lankhulani mokweza pamene mukugwira ntchito: "Mtima waima, ndikupopa magazi kuti apite kumutu." M'patseni mmodzi wa iwo ntchito yowerenga kapena yoimba foni kuti aone yekha chimene chikuchitika. AED nayo siingapatse shoko munthu amene mtima wake ukugunda bwino, ngakhale mutadina batani.

Kwa amayi, kudinikiza kutha kuyamba pamwamba pa bulauzi. Zigamba zokha ndizo zimafuna khungu, ndipo kamisolo ichotsedwe. Itanani amayi anzawo atchinge ndi zitenje mozungulira, mmodzi wa iwo amate zigambazo. Chakumanzere chikhale m'nthiti kumbali, osati pa bere. Mayi woyembekezera amalandira CPR ndi shoko chimodzimodzi. Ngati mimba ndi yaikulu, wina aikankhire pang'ono kumanzere kwa mayiyo ndi manja awiri kuti isapsinje mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, ndipo achotse manja pa nthawi ya shoko. Nkhani imeneyi mukaikambirane kumpingo ndi kwa amfumu zinthu zisanachitike, chifukwa pa tsikulo sipakhala nthawi yokambirana.

Tipitirize mpaka liti? Nanga akatsitsimuka titani?
*Mlangizi wa zaumoyo, Chipoka*

Pitirizani mpaka munthuyo ayambe kupuma bwino kapena kusuntha, mpaka azachipatala akulandireni, kapena mpaka nonse mutatheratu mphamvu. Musafulumire kumufunditsa chitenje ndi kuyamba kubuma. Fabrice Muamba wa timu ya Bolton anagwa pabwalo ku London mu Malichi 2012, mtima wake sunagunde wokha kwa mphindi 78, analandira shoko 15 ndipo ali moyo, ngakhale kuti iye anali m'manja mwa madokotala kuyambira pachiyambi. Zikapitirira mphindi 20 kapena 30 makina akungonena kuti shoko sikufunika, imbirani dokotala kapena kiliniko ofesa wa chipatala chapafupi kuti agamule ndi iyeyo. Munthu amene wapezeka m'mawa atazizira ndi kuuma kale, CPR singamubweze.

Ngati palibe AED pafupi koma kwapezeka galimoto ya pansi pathyathyathya monga pikapu, mugonekeni kumbuyo, awiri azisinthana kudinikiza ulendo wonse, dalaivala ayendetse mosagwedeza, ndipo imbiranitu kuchipatala kuti akonzeke.

Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali, mutu utapendekeka pang'ono kuti masanzi azituluka. Zigamba musamatule, makina musazimitse, chifukwa mtima umatha kuimanso m'mphindi zoyambirira. Musam'patse madzi, phala kapena chakumwa chilichonse. Muziyang'ana kupuma kwake mpaka mutafika. Kuchipatala kanene nthawi imene anagwa, nthawi imene CPR inayamba ndi kuchuluka kwa shoko zimene analandira. Akayezedwa mtima ndi ECG, makina oona magetsi a mtima, ndipo ambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti akafufuze gwero lake, kaya ndi mtsempha wa mtima wotsekeka, BP ya nthawi yaitali, mtima wotupa, mavavu owonongeka ndi matenda a zilonda zapakhosi a paubwana, kapena vuto lobadwa nalo. Ngati wagwayo ndi wachinyamata, abale ake a bere limodzi nawonso akayezetse mtima, makamaka amene anakomokapo akuthamanga. Makinawo akabwerera kwawo, tsiku lomwelo alumikizidwe zigamba zatsopano, aonedwe batire, ndipo zosungira zina ziitanitsidwe.